Waya wa Kumanda a Pakomboni

Ntchito yanga ndi kunenerera mtengo. Anthu amati ndimagulitsa zovala za kaunjika, zimene kuno timazitcha mabhero, koma zovalazo n'zonamizira chabe. Chimene chimandidzutsa m'mawa ndi mkangano wa pamtengo. Ndimayala katundu wanga m'mbali mwa msewu waukulu ku Beatrice, kumwera kwa Harare, ndipo mwezi ukatha ndimazungulira m'makomboni ndi kumaenje a anyamata okumba golide, amene akapeza kangachepe amagula ngakhale chijasi cha chisanu mu Okutobala. Ndinagulitsapo nsapato ziwiri zosiyana kukula kwa munthu mmodzi, nditamutsimikizira kuti palibe wobadwa ndi mapazi ofanana. Mkazi wanga amati ndikadzafika pachipata cha kumwamba ndidzayamba ndafunsa ngati sachotserako.

Ndanena izi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene a pakomboni pathu anamutuma kukanenerera manda.

Ndinabadwira pa pulazi ya fodya, bambo anganso anabadwira pomwepo. Agogo ndiwo anabwera wapansi kuchokera ku Dedza, atauzidwa kuti kumwera ndalama zimatoledwa ngati masuku. Ine ku Malawi sindinapondeko. Komabe kwa zaka zambiri chitupa changa chinali ndi chilembo chonena kuti ndine mlendo, ndipo pa ofesi iliyonse funso linali lomwelomwelo: "Kumusha kwenyu ndekupi?" M'Chishona ndiko kuti kwanu ndi kuti. Ankafuna dzina la mudzi, dzina la mfumu, kaphiri koti n'kuloza ndi chala. Ndikayankha kuti kwathu ndi kuseri kwa mabani owotchera fodya, moyang'anana ndi mjigo, ankati pulazi si mudzi. Mayina otinena sankasowa. Mabhurandaya, mabwidi, anthu opanda chiwongo, ngati kuti ziwongo zathu zinagwera mu Zambezi powoloka.

Nthawi ya nkhondo ya ufulu mayi anaphikirapo anyamata a m'tchire, ndipo bambo anamenyedwa ndi asilikali a azungu chifukwa cha mphika womwewo. Ufulu utabwera tinavina nawo. Kunena zoona ndife tinkavina koposa onse, chifukwa chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira ufulu ankatumiza lole kudzatenga gule wathu, amene anzathu olankhula Chishona amamutcha zigure, kuti akasangalatse akuluakulu. Fumbi likamabuka tinali eni dziko. Lole ikatitsitsa madzulo tinkabwerera kukhala alendo.

Pulazi itagawidwa, mzungu atapita, ife sitinapatsidwe ngakhale mzere umodzi. Tinatsala m'komboni ngati nkhuku zimene mwini wake wasamuka, n'kumagwira maganyu kwa eni mapuloti atsopano. Chinthu chimodzi chokha chinali chathu mosakayikitsa: kankhalango ka mitengo ya musasa kuseri kwa damu, kumene kugona agogo, bambo, ndi aliyense amene fodya anamumaliza. Gule wathu amatulukiranso komweko. Ine ndine wa mpingo, mayi anandikokera kumeneko ndili wamng'ono, choncho za kudambwe musandifunse. Koma manda ndi a tonse, a ng'oma ndi a nyimbo za m'buku.

Kankhalangoko kanagwera mu puloti ya munthu wina wa ku Harare, wolima pa foni. Nkhope yake sindinaionepo. Ndimamudziwa mawu okha, otuluka m'thumba la malaya a kapitawo wake. Kwa zaka zingapo anatisiya. Kenako nkhuni zowotchera fodya zinayamba kusowa m'dera lonse, ndipo tsiku lina azimayi opita kukasesa kumanda anapeza mitengo itapakidwa penti wofiira. Titamufunsa kapitawo, anati pa mapu a bwana wake palibe manda, pali nkhuni, ndipo nkhuni zikachoka padzakhala munda.

Mwayi wathu unali wakuti chinali chaka cha chisankho. Malamulo atsopano a dziko anali atanena kale kuti wobadwira muno ndi wa muno, ndipo ambiri a ife tinali titapsa ndi dzuwa pamizere ya kuboma mpaka chilembo cha mlendo chija chitachotsedwa. Komboni yonse tsopano inali mavoti oyenda ndi miyendo.

Wofuna ukhansala m'dera lathu anali mwini chigayo, mwininso lole yokhayo yodalirika kuchokera kwathu kukafika pa tara. Kuyambira kale ankanditchula kuti achimwene, osati mwaulemu ayi, koma mokoka mawu, monga amachitira akafuna kukukumbutsa kumene agogo ako anachokera. Tsiku limenelo anaimika lole pafupi ndi katundu wanga n'kunditcha m'bale wake. Anatola buluku loti silingamukwane ngakhale mwendo umodzi, n'kumaliyang'ana msoko. Ine wogula wofuna zina ndimamudziwa asanatsegule pakamwa, choncho ndinangodikira.

Anati kukubwera msonkhano waukulu, ndipo mkulu wina wa chipani akuchokera ku Harare kudzamuonetsa kwa anthu. Ankafuna gule. Osati gule chabe, koma zilombo zitavala malaya a chipani, aja okhala ndi nkhope ya mtsogoleri pachifuwa, kuti mkuluyo aone kuti ngakhale mizimu ya pakomboni ili mbali yawo.

Ndinapita nayo nkhaniyi kwa malume, mlongo wawo wa mayi, amene ndiwo mkulu wa gule pakomboni pathu. Anagwira ntchito yosonkhezera moto m'mabani moyo wawo wonse, maso awo anali ofiira ndi utsi, ndipo ankalankhula ngati mawu amachita kugula. Anamvetsera akutokosa kaliwo wawo. Pomaliza anati gule akhoza kupita, koma mtengo wake ndi waya kuzungulira manda onse, ndipo wayayo akhale atamangidwa ng'oma isanalire. Za malaya anangopukusa mutu. Anati popeza pakamwa panga sipatopa, ndipite ndine.

Ndinapita kuchigayo nditavala suti ya m'belo imene ndinali ndisanaipezere wogula. Tinakhala pa matumba a chimanga, ufa ukutigwera m'mutu. Iye anayamba ndi mowa, ndinaseka. Anawonjezera mbuzi, ndinafunsa ngati mbuziyo imadziwa kulondera manda. Anafika pa feteleza, ndinamukumbutsa kuti tilibe pothira. Nditatchula waya anati zimenezo n'zosavuta, akangopambana adzamanga ngakhale mpanda wa njerwa. Ndinamuuza kuti ine ngakhale kabudula sindipereka kwa munthu woti adzalipira akadzapambana. Apo anaseka, ndipo ndinaona kuti malonda akupsa. Chotsala chinali malaya aja. Anati popanda malaya palibe waya.

Tsono matenda a wonenerera ndi akuti amakhulupirira kuti pakati pa inde ndi ayi pamakhala malo ogona. Ndinathamangira kwa malume ndi nzeru zanga. Ndinati nanga zilombo zitangomanga malayawo m'chiuno ngati nsanza zina zonse? Nanga zitavala chotembenuza? Nanga chitavala chimodzi chokha, chaching'ono, chakumapeto kwa mzere?



"Iwe, chilombo chili nayo kale nkhope," anatero malume. "Sichivala nkhope ya munthu wopuma. Amene chimamuimira savota."

Ndinabwerera kuchigayo ndi yankho limenelo, nditalipaka mafuta mmene ndikanathera. Ubale unathera pomwepo. Anazimitsa chigayo kuti ndimve bwino, n'kundiuza kuti achimwene musaiwale kuti mumagona pa nthaka ya eni, ndipo chilembo chochotsedwa ndi munthu chikhoza kubwezedwanso ndi munthu.

Pamenepo ndinatulutsa chida changa chachikulu, chimene sichinandigwiritsepo mwala. Ndinanyamuka, ndinasasa ufa pa suti, n'kuyamba kuchoka. Kuchoka kwa pamalonda kuli ndi kayendedwe kake. Suthamanga, sucheuka, koma msana wonse umasanduka khutu. Ndinadutsa pakhomo la chigayo. Ndinadutsa pamene azimayi amapetera. Ndinkayenda pang'onopang'ono moti galu wogona panjira sanaone chifukwa chodzukira, ndinachita kumulambalala. Ndinaima kumanga chingwe cha nsapato yopanda chingwe. Ndinafika pa msewu msana utauma, ndipo chimene ndinamva kumbuyo ndi chigayo chikuyambanso kulira.

Lolemba lotsatira makina ochekera mitengo analira kumanda. Anayambira chakum'mawa, m'mphepete. Phokoso lake linkamveka komboni yonse, ndipo mtengo ukagwa anthu ankasiya zimene akuchita. Mayi anakhala pakhonde atafunda chitenje kumutu, osadya. Ndinawalimbitsa mtima kuti manda a bambo ali pakati, ocheka akadali kutali.

Malume anabwera kwanga masana, chinthu chimene sankachita. Anakana mpando. Anandifunsa kuti chiliza cha bambo chili pati. Apa ndiyenera kufotokoza kuti bambo anali atamwalira mvula ziwiri zapitazo, ndipo manda awo anali akadali mulu wa dothi chifukwa ine ndi wogulitsa simenti tinasiyana pa kandalama kochepa, ndipo tonse awiri tinakana kugonja. Ndinayamba kuwafotokozera malume za kuuma mtima kwa munthuyo. Anandidula.

"Loweruka titsegula chiliza cha bambo ako."

"Malume, Loweruka ndi tsiku la msonkhano uja."

"Ndamva."

Bambo anali woimba ng'oma wa gule. Pamwambo wotsegula chiliza cha munthu wotero zilombo zimatuluka, kaya mwana wake ndi wa mpingo kaya ndi m'busa. Ndipo palibe amene amaletsa mwambo wa maliro, ngakhale wa chipani. Ndinapita kwa wa simenti uja n'kulipira mtengo woyamba umene anatchula, osatsokomola n'komwe. Anandiyang'ana, anayang'ana ndalamazo, kenako anandifunsa ngati kuchipatala andipeza ndi chinachake.

Lachitatu azimayi anayamba kufulula mowa. Lachinayi amisiri anali kumanda ndi zipangizo zawo. Ocheka mitengo aja anali aganyu ochokera kutali, ndipo ataona adzukulu akulambula njira, atamvanso ng'oma ikuwambidwa pamoto, anakumbukira kuti makina awo akufunika kukonzedwa ku Harare. Anasiya mbali ya kum'mawa ili zitsa zokhazokha, mitengo itagona pansi.

Msonkhano unali pa bwalo la mpira la pulazi yakale, pamtunda woti munthu wa mawu akhoza kuitana ali kumanda. Kuyambira m'mawa lole ya mwini chigayo inkatuta anthu m'mapuloti ndi m'makomboni ena. Anakhoma tenti, anayala mipando, zimkuzamawu zinkalira. Ife tinayamba mwaulemu. Mkulu wa mpingo wathu anapemphera pa chiliza, mwachidule kuposa masiku onse, n'kutsanzika kuti zotsalazo sizimukhudza. Pambuyo pake ndinamuona kuseri kwa chulu, Baibulo lili kukhwapa, phazi likugunda pansi.

Dzuwa lili pamutu mbalule inalira.

Amene simunakhale pa pulazi simungadziwe chimene ng'oma imeneyo imachita kwa anthu okhala padzuwa kudikira zolankhula. Oyamba kuchoka pabwalo anali ogulitsa zitumbuwa ndi madzi, chifukwa wamalonda amadziwa kumene gulu lipite gululo lisanadziwe. Kenako azimayi, mmodzimmodzi, ngati akupita kuthengo. Kenako achinyamata a chipani amene anatumidwa kudzabweza azimayiwo. Zilombo zitatuluka m'mitengo, nthenga zikugwedezeka, fumbi lili koboo, m'mphepete mwa manda munadzaza malaya a nkhope ya mtsogoleri, ovala anthu opuma monga zimayenera kukhalira. Kubwalo kunatsala tenti, mipando, ndi mkulu wa ku Harare amene anali atangofika kumene.

Mwini chigayo anabwera wapansi, thukuta lili kamukamu, makiyi a lole akuwazunguliza pachala monga ankachitira akakwiya. Analowa m'manda osavula chipewa, akufuula kuti ng'oma zileke. Apa ndi pamene analakwitsa, chifukwa anaiwala kuti kumanda kuli boma lake.

Kwathu pamaliro olamula ndi adzukulu, anthu a banja lina amene amakumba manda, kusambitsa mtembo ndi kusesa. Mdzukulu akhoza kutukwana mfumu, akhoza kugwira nkhuku ya namfedwa n'kuiphika, akhoza kulanda chimene wachikonda mpaka mwini wake atachiwombola, ndipo kumukwiyira ndi kudzichotsa ulemu wekha. Mdzukulu wamkulu wa banja lathu anali mayi wina wofulula mowa, wamfupi, wa lilime loti likhoza kusenda chinangwa. Tsikulo anavala ovolosi ya malemu bambo ndi majombo awo, n'kumayenda motsimphina monga ankayendera iwo, anthu akufa ndi kuseka, mayi anga akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Mdzukuluyo anamugwadira mwini chigayo, akuwomba m'manja mwaulemu wopitirira muyeso. Munthuyo atayang'ana pansi, makiyi anali atachoka kale pachala, atalowa m'khosi mwa ovolosi, kumalo kumene mwamuna wofuna mavoti sangapisepo dzanja anthu akuona.

"Zikomo bambo, mwabwera ndi chipepeso chachikulu," anatero mdzukulu. "Malemu ankalakalaka lole moyo wawo wonse."

Mwini chigayo anafuna kukalipa. Koma anthu a mtundu wake omwe, atavala malaya a chipani chake, anayamba kumukuwiza kuti kodi kwawo kulibe sahwira, bwenzi la pamaliro limene nalonso silikwiyiridwa. Mwambo ankaudziwa. Anaima pakati pa manda, kumanja kuli chilombo chikumuyang'ana ndi nkhope yosaphethira, kumanzere kuli mavoti ake akuseka. Anavula chipewa.

Tonse tinkadziwa chimene chinali pa lole ija. Panali mipukutu ya waya waminga imene mkulu wa ku Harare ankayenera kupereka pamsonkhano kwa gulu la azimayi a dimba. Mdzukulu anati makiyi awomboledwa ndi umenewo. Kenako anandiloza ndi jombo.

"Iwe wa mabhero, bwera. Ntchito yako ija ndi iyi."

Ndisanatenthetse n'komwe pakamwa, mkulu wa ku Harare anatulukira, atatopa kulankhula ndi mipando. Ameneyo anali katswiri, ndimamuvulira chipewa ngati mnzanga wa pamsika. Anayang'ana gulu, anayang'ana zitsa, anawerenga zonse ndi diso limodzi. Anavula nsapato, anagwada pa chiliza cha bambo anga amene sanawaonepo, n'kulengeza kuti anthu awa ndi athu, manda awa ndi a makolo a dziko lino, ndipo ndani wopanda manyazi amene wadula mitengo pano. Mwini chigayo anagwedeza mutu ngati akumva nkhaniyi koyamba. Waya anatsitsidwa. Azimayi a dimba sanandipatse moni mpaka mvula itagwa, ndipo sindiwadzudzula.

Panatsala kugwirizana podutsa mpanda. Kapitawo anatulutsa foni m'thumba, mawu a mwini puloti anamveka. Anati ngati akuluakulu alamula, iye sakana, koma waya atsate mitengo imene ili chiimire. Podulidwa kale ndi pake. Waya nayenso sakanakwana kuzungulira ponse. Ndinalimbana nawo mawu aja ngati wogula wa kumapeto kwa mwezi. Ndinawalanda kanjira kolowera, ndinawalanda mtengo waukulu wa pangodya umene unali utapakidwa kale penti, ndinawalandanso mitengo yogwa ija kuti ikhale nsichi za mpanda womwewo. Achinyamata a chipani anakumba maenje, zilombo zikuvina pambali pawo, ndipo dzuwa lisanalowe waya anali atamangidwa. Makiyi anatuluka m'ovolosi ali ofunda. Manda onse okhala ndi mulu kapena chiliza anali mkati. Anthu anandinyamula m'mwamba, suti inang'ambika kukhwapa, ndipo sindinadandaule.

Gulu litabalalika ndinapeza mayi ataima kunja kwa waya, pakati pa zitsa, pamodzi ndi azimayi ena achikulire. Malume anali chapatali, akumasula ng'oma. Ndinapita kwa mayi chifuwa chili patsogolo, kukalandira zikomo wanga.

"Wagula bwino, mwana wanga," anatero. "Koma ana wawasiya panja."

Sindinamvetse. Anandifotokozera motsitsa mawu, akuyang'ana pansi. Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta siliikidwa ndi amuna. Azimayi okha amalinyamula mwakachetechete, n'kukaliika m'mphepete mwa manda, popanda mulu, popanda chizindikiro, popanda kulira mokweza. Pakomboni pathu malo ake anali amenewo, mbali ya kum'mawa. Pansi pa zitsa zimenezo panali ana a azimayi onse amene anaima pamenepo. Panalinso awiri a mayi anga, obadwa ine ndisanabadwe, amene ndinali ndisanamvepo za iwo. Ndinafunsa kuti bwanji sananene pamene tinkakangana ndi foni. Anati zimenezi sizinenedwa pamaso pa amuna, nanji pamaso pa lole yodzaza alendo. Onse amene tinakoka waya tsiku lija, ine, malume, kapitawo, mkulu wa ku Harare, tinkayeza manda ndi milu yooneka ndi maso.

Sabata yotsatira ndinapita kuchigayo. Mwini wake anandiuza chimene ine ndimauza ogula anga, kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Chisankho chinafika, tinaima pamzere komboni yonse, mayi ali patsogolo panga, n'kutuluka ndi inki pachala. Amene ndinamuvotera ndi nkhani yanga. Mwini chigayo anapambana, ndipo kuyambira pamenepo lole yake inkadutsa pa katundu wanga osachepetsa liwiro. Kapitawo anatiuza kuti zitsa zizulidwa mvula isanagwe, thalakitala ilowe.

Chifuwa cha malume chinali chitayamba kale kuwavuta, utsi wa m'mabani ukutolera zake. Mwezi wotentha uli pakati anagona osadzukanso. Anaitanitsa mdzukulu uja, mayi, ndi ine. Anauza mdzukulu kuti akafa asawalowetse m'waya, m'menemo muli anthu okwanira kale. Awaike pakati pa zitsa. Anauza mayi kuti iwo ndi anzawo adzasonyeze okumba malo opanda mwana pansi, ndipo asachite kufotokoza chilichonse, adzangoimapo. Ine sanandipatse ntchito. Ndinafunsa kuti nanga ine, ndipo anati ine ndidzangotseka pakamwa, ngati n'zotheka.

Anamwalira thalakitala isanabwere. M'mawa wa tsiku loika, azimayi achikulire anatsogola, amuna a makasu tili m'mbuyo, chinthu chimene sichinachitikepo pakomboni pathu. Anayenda pakati pa zitsa akuyang'ana pansi, akulambalala malo amene ife tinkaona udzu chabe. Mayi anaima pena pake. Adzukulu anayamba kukumba pomwepo.

Dzenje lisanafike m'chiuno kapitawo anafika akuthamanga, foni ili m'manja. Mawu aja anayamba ndi apolisi, anapita ku makhoti, anadutsa pa dziko la agogo athu ndi basi yopita kumeneko. Okumba sanadzutse mitu. Kenako mawuwo anatsika, n'kufunsa ngati pali munthu uja wa mabhero, amene amamva zinthu. Kapitawo anandipatsa foni. Mwini puloti ananditcha m'bale wake. Anati tonse ndife anthu a malonda, palibe chosakambirana, nditchule chimene tikufuna kuti dzenjelo lisunthe pang'ono kulowa m'waya.

Ndisaname, lilime langa linagwedezeka lokha. Linali litayamba kale kuganiza za mjigo watsopano ndi malata a tchalitchi. Ndinayang'ana mayi ataima pambali pa dzenje, mapazi ali m'dothi lofiira.

"Bwana, pano palibe chogulitsa," ndinatero. "Amene tikumuika pano ndi mkulu wa gule. Mukapeza woyendetsa thalakitala wofuna kumulima pamutu, mumuuze kaye zimenezo, kenako mumutumize."

Ndinabweza foni. Aka kanali koyamba kuthetsa nkhani wogula akadafuna kulankhula.

Maliro a malume anali aakulu kuposa msonkhano uja. Zilombo zinachokera m'mapulazi akutali, mpaka ku migodi ya ku Arcturus, ndipo zinavina pakati pa zitsa tsiku lonse, kapitawo akuonerera ali patali ndi chipewa m'manja. Apolisi anabwera awiri, anaima pamthunzi, anadya nawo, anapita.

Mwini puloti sanagonje. Anatumiza woyendetsa thalakitala wa pakomboni pathu, amene anati msana wamugwira. Anaitanitsa wina wa ku Chinhoyi, amene anafika, anafunsa kuti chiliza chatsopanocho n'cha ndani, n'kulima mokhota ngati wamwa. Chaka chilichonse kapitawo amabwera ndi uthenga watsopano woopseza, ndipo chaka chilichonse timaumva mwaulemu. Pepala lotipatsa malo amenewo tilibe, ndipo sindikuyembekeza kuti lidzabwera. Mawa akhoza kupezeka woyendetsa wosaopa kanthu.

Koma zitsa zija zaphuka, zina zafika kale m'mapewa mwanga. Mkati mwa waya simunaikidwenso munthu chichokereni malume. Aliyense womwalira pakomboni, wa mpingo kapena wa gule, amapita kunja, azimayi akutsogolera okumba. Mayi anasankha kale pawo, pafupi ndi awiri aja, ndipo andichenjeza kuti simenti ndikagule iwo akadali moyo. Waya tinamusiya pomwe ali, wayamba dzimbiri. Ife tikungoikabe anthu athu kunja kwake, mmodzi pambali pa mnzake, kulowera kumunda wa fodya.